Momwe mungasankhire chovala chofunda pa maphunziro osambira m'mapanga a pansi pa madzi

Amene anaphunzira kusambira pansi pa madzi ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear anazolowera wetsuit (chovala chothina cha labala chosambirira, chimene chimalola madzi pang'ono kulowa) yopyapyala ya mamilimita 3, ndipo panyanja imawakwanira. Vuto limabwera akainyamula yomweyo kupita ku maphunziro a m'mapanga. Madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, ndipo pa maphunzirowa simusambira kwenikweni. Mumangoyandama malo amodzi, kumanga chingwe cholondolera njira yotulukira, kuyeseza kutuluka mutatsekedwa m'maso, kudikira mnzanu amalize zake. Thupi losayenda limazizidwa msanga.

Yambani ndi kufunsa kutentha kwa madzi a malo amene mukupitawo. Ku mapanga a Chinhoyi ku Zimbabwe madzi amakhala madigiri 22 chaka chonse, chimodzimodzinso akasupe a ku Florida monga Ginnie Springs. M'mapanga a ku Yucatán ku Mexico amafundirako, pafupifupi madigiri 25, pomwe m'chigawo cha Lot ku France amatsika kufika cha m'ma 13. Nyengo ya kunja isakunamizeni, m'phanga dzuwa silifika.

Kenako mufunseni mphunzitsi wanu kuti mudzalowa m'madzi kangati patsiku, kwa mphindi zingati, komanso masiku angati. Apa mpamene ambiri amaphonya. Ulendo woyamba wa m'mawa aliyense amaumva bwino. Koma kuzizidwa kumaunjikana: ulendo wachiwiri mumalowa thupi lisanabwerere m'malo, ndipo pofika tsiku lachitatu mumayamba kunjenjemera musanafike pakati pa ntchito. Munthu wozizidwa amamaliza mpweya msanga, zala zimauma, maganizo amachedwa, ndipo m'phanga simungangokwera pamwamba chifukwa kumutu kwanu kuli thanthwe. Choncho sankhani chovala poganizira ulendo womaliza wa tsiku lomaliza.

Tsopano makulidwe. Pa madigiri 25, wetsuit ya mamilimita 5 imakwanira ambiri. Pa madigiri 22 ine ndingati tengani ya mamilimita 7, makamaka ngati ndinu wochepa thupi kapena simuchedwa kuzizidwa. Kutentha kwa madzi kukatsika kupitirira apo, kapena maulendo akamaposa ola limodzi, drysuit (chovala chosalowa madzi chimene mumalowetsamo mpweya) ndiyo yoyenera, pamodzi ndi zovala zofunda zam'kati zosakhala za thonje, poti thonje likanyowa ndi thukuta limaziziritsa. Kumbukiraninso kuti neoprene, labala wopangira wetsuit, imafinyika mukamapita pansi, motero imafunda mochepa pamene mukuifuna kwambiri, ndipo yakale yomwe yagwira ntchito zaka zambiri inafinyika kale ngakhale pa chizindikiro palembedwabe 7.

Drysuit musakaiphunzirire m'phanga, chonde. Mpweya umene uli m'kati mwake umathamangira kumapazi ngati simunaizolowere, miyendo n'kukwera m'mwamba, inu n'kuvundula matope mpaka gulu lonse osaonanso kanthu. Chitani maphunziro ake padera, musambire nayo m'madzi opanda denga mpaka muziyandama osaganizako.

Chipewa cha neoprene musachisiye, n'chotsika mtengo koma chimathandiza kwambiri. Magolovesi ndi nkhani ina: okhuthala amakulepheretsani kumva chingwe mumdima, n'chifukwa chake m'madzi ofunda ambiri savala, kapena amadula nsonga za zala zake.

Yesani chovalacho musanagule. Chigwire thupi bwino pakhosi, m'mikono ndi m'miyendo kuti madzi asamalowe ndi kutuluka, koma chikuloleni kufikira mavavu a masilinda anu a mpweya kumbuyo, chifukwa mphunzitsi adzafuna kuona mukuwatseka ndi kuwatsegula nokha. Mukasintha chovala, kulemera kwa mtovu umene mumamanga pathupi kuti muzimira kumasinthanso, ndiye kayeseni m'madzi osaya masilinda atatsala pang'ono kutha. Pakati pa maulendo vulani wetsuit yonyowayo, valani jekete louma ndipo mumwe chakumwa chotentha musanalowenso.