Momwe mungathamangitsire galimoto yamphamvu m'nyengo yachisanu osathera kutchire

Amalawi ambiri tili kuno ku UK, ndalama ikangoyamba kugwirika, timathamangira BMW kapena Subaru WRX yogwirako ntchito, poti kuno sizidula ngati kwathu. Vuto limayamba Disembala akafika. Mpweya wozizira umakhala wothinana, choncho injini, makamaka ya turbo, imakoka bwino kuposa masiku onse. Koma matayala nthawi yomweyo amagwira msewu pang'ono. Apa ndi pamene anthu amapwetekera.

Yambani ndi matayala musanalize n'komwe injini. Amene galimoto zothamanga zimabwera nawo ndi a nyengo yotentha, ndipo kukazizira kutsika madigiri 7 amayamba kuuma. Tadinani ndi chala m'mawa wa Januwale, mumva labala ili gwa ngati pulasitiki. Ngati thumba likulola, gulani a nyengo yozizira, aja ali ndi chithunzi cha phiri la nsonga zitatu m'mbali, ndipo muike onse anayi, osati awiri okha. Yezani mpweya galimoto isanayende, chifukwa umatsika kukazizira. Lamulo limalola mizere ya tayala kufika mamilimita 1.6, koma ine ikafika 3 ndimasintha.

Kenako lizani injini, palani chisanu pamagalasi onse, n'kunyamuka pang'onopang'ono. Kuisiya ikulira pakhomo mphindi 20 sikuthandiza kwenikweni, injini imatentha msanga galimoto ikamayenda. Injini isanatenthe, musapyole 3,000 rpm pa singano yoonetsa kuzungulira kwa injini pa mphindi. Ndipo musanyengeke ndi singano ya kutentha kwa madzi a mu injini ikafika pakati: madzi amatentha msanga, oilo amatsalira m'mbuyo. Oilo wozizira ndi wolemera ngati phala, safika bwino mu turbo. Ngati galimoto yanu imaonetsa kutentha kwa oilo, dikirani afike cha m'madigiri 80. Ngati siionetsa, onjezerani mphindi 10 mukuyenda modekha.

Tsopano msewu. Ayezi woopsa ndi amene saoneka, phula limangooneka ngati lanyowa. Amakonda pa milatho, pamthunzi wa mitengo ndi m'misewu ya kumidzi kumene galimoto zothira mchere sizifika. Mukamva phokoso la matayala lazirala, chiwongolero n'kupepuka m'manja, dziwani kuti muli pa ayezi. Chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, osaponda buleki modzidzimutsa. Highway Code, buku la malamulo a pamsewu kuno ku UK, imachenjeza kuti pa ayezi mtunda woimira ungachuluke kakhumi.

Ine ndinaphunzira pa raundabauti m'mawa wina ndikuchokera ku shifiti ya usiku. Ndinaponda moto ndisanawongole, kumbuyo kwa galimoto kunangoti pheku, ndipo ndinapezeka ndayang'ana kumene ndimachokera, miyendo ikunjenjemera. Galimoto yokankha ndi matayala akumbuyo imatero. Pondani buleki mukadali powongoka, lowani pakona mwaulemu, moto muwonjezere chiwongolero chitabwerera pakati. Kabatani ka traction control, chipangizo chothandiza kuti matayala asaterereke mukaponda moto, kasiyeni, musakazimitse ngakhale anzanu akusekeni.

Mtima ukafunadi liwiro, lipirani track day, tsiku lothamangitsa galimoto yanu pabwalo la mpikisano, ku Donington Park kapena Brands Hatch, kumene kulibe basi yobwera kutsogolo kwanu. Kumenekonso zungulirani kawiri kapena katatu modekha kuti matayala ndi mabuleki afunde, ndipo pomaliza muyende ulendo umodzi wozizitsa musanazimitse injini. Mukafika kunyumba tsukani kunsi kwa galimoto, mchere wa m'misewu umabweretsa dzimbiri msanga.