Mmene ndinakonzera kayesedwe ka ana pa masewera olimbitsa thupi

Malikisi ambiri ankapita kwa ana aliwiro ndi amphamvu, pomwe mwana woyesetsa sabata ndi sabata ankangotsalira m'munsi. Ena anafika pomanamizira kudwala tsiku la masewera, ndipo zinkandipweteka mtima.

Ndinaleka kuwayerekeza ndi anzawo. Teremu ikamayamba ndimalemba zomwe aliyense akutha, monga kuwakha mpira kangati pa maulendo 10, kapena kulumpha mtunda wotani. Kumapeto timabwereza zomwezo, ndipo malikisi amachokera pa mmene mwanayo wasinthira.

Khalidwe ndimalemba m'kabuku pabwalo pomwepo, poti ukadikira madzulo umaiwala: wapatsira mnzake mpira kapena waumirira yekha, mnzake atagwa wamudzutsa kapena wamuseka. Za m'mutu ndimafunsa pakamwa akamapuma, mwachitsanzo chifukwa chake mtima umagunda mofulumira munthu akathamanga.