Cola ca pa Handulo ya Njinga: Kamangidwe ndi Kagwilitsidwe Nchito

Musanagule, pimani kunenepa kwa handulo yanu pakati peni-peni. Mahandulo ambili ndi a mamilimita 25.4 kapena 31.8, ndipo m'bokosi muli timphila toikila pa handulo yowonda. Kumanga sikuvuta: tengani alenki (kasipanala kopindika kolowa m'mutu wa sikuluwu), limbitsani masikuluwu a kumanzele ndi a kumanja mofanana. Koma musataye kawaya kamene kali m'kapulasitiki. Kamazungulila pansi pa citsulo cogwila handulo, ndipo ndi kamene kamaletsa cola kuwelamila pa tayala mukagunda hampu. Ambili amakaona ngati kosafunika.

Mukamanga, pindani handulo mpaka kumapeto uku ndi uku, kenako gwilani mabuleki onse awili. Ngati cola cikupanikiza waya wa buleki kapena wa magiya, masulani muyambilenso. Buleki yopanikizidwa imacedwa kubwelela, ndipo simufuna kuzindikila zimenezi mukutsetseleka mapili a ku Rufunsa, thilaki ili kumbuyo kwanu. Onaninso nyale ya kutsogolo. Cola cimaiphimba, conco itsitseni pa foloko.

Pepala la opanga likuti katundu asapitilile makilogilamu 5. Amenewo ndi malile a comangila kuti cisathyoke, si kulemela kumene njinga imayenda nako bwino. Ine ndimati awili akwana. Katundu akakhala pamwamba pa gudumu lowongolela, handulo imalemela pokhota, ndipo pa msewu wa miyala imayamba kukuwongolelani inuyo. Ikani foni, NRC, ndalama, nthoci, nshawa, kajasi ka mvula. Masipanala, pampu ndi botolo lalikulu la madzi zipite kumbuyo pa keliya.

Pali cilembo cina cimene cilibe mawu ake m'Cinyanja: IP54. Nambala 5 ikunena za fumbi, kuti lingalowe pang'ono koma osafika powononga. Nambala 4 ikunena za madzi owazika kucokela mbali iliyonse. Ndiye kuti mvula wamba cola cidzapilila, koma si coviika m'madzi. Wogulitsa akakuuzani kuti madzi salowa n'komwe, mufunseni za nambala yaciwiliyo. Cimvula ca mu January cija cimene cimadzaza misewu ya ku Kanyama, foni ndi mapepala muzikulunge kaye m'pulasitiki.

Pa civindikilo pali kathumba koonekela mkati, koikamo mapu. Mapepala a opanga akuti mungaikemonso foni. Mwina kwawo kozizila. Kuno m'mwezi wa October, foni ikakhala padzuwa m'pulasitiki imeneyo imatentha mpaka kudzizimila yokha musanafike ngakhale pa Chongwe kucokela ku Lusaka.

Cola cimacoka pa comangila mukangodina batani, ndipo cili ndi lamba wokolowekela paphewa. Mukaima kugula madzi kapena kudya nsima, cicotseni mupite naco. Mitundu ina ili ndi kiyi, koma kiyiyo imangokhoma cola ku handulo, civindikilo cimatsegukabe.

Ngati ulendo ndi wa pa Great East Road kucokela ku Lusaka mpaka ku Chipata, makilomita oposa 500, nyamulani alenki ija. Masikuluwu amamasuka ndi kugwedezeka, conco muziwayesa m'mawa uliwonse musananyamuke. Potsuka, madzi ndi sopo basi. Palafini ndi petulo zimadya nsalu yochinga madzi.