Kadulidwe ka mtengo wa matabwa m'chigwa cha Shire

Kuti mucheke matabwa popanda kuwononga nkhalango ya m'mudzi, mufunika sowo, nkhwangwa, chingwe cholimba, mnzanu wokuthandizani ndi mbande zobwezeretsa.

1. Pezani chilolezo musananole nkhwangwa. Yambirani kwa amfumu ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe m'mudzi, kenako pitani ku ofesi ya zankhalango ku Chikwawa kapena ku Nsanje, monga lamulo la nkhalango la 1997 likunenera. Ku malo osungirako nyama zakutchire a Lengwe, Majete ndi Mwabvi kudula nkoletsedwa.

2. Sankhani mtengo wokhwima, ndipo musiye ina yowongoka kuti ibale mbewu.

3. Onani pamene mtengowo waima, pakuti apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mitengo ikuluikulu imapezeka m'mbali mwa mitsinje, ndiye imakopa, koma mizu yake ndi imene imagwira gombe. Ikadulidwa, dothi limakokolokera mu Shire, Mwanza ndi Ruo, mchenga nkudzaza mitsinjeyo, ndipo madzi amasefukira m'minda ndi m'midzi. Amene tinaona madzi a 2015 ndi a namondwe wa Freddy mu 2023 sitiyenera kudula mtengo wa pagombe kapena pamalo otsetsereka, ngakhale utakongola chotani.

4. Temani kamwa (mpata wonga pakamwa patsinde) mbali imene mukufuna kuti mtengo ugwere, kopanda mitengo ing'onoing'ono, ndipo mumalize kucheka chakumbuyo kwake.

5. Siyani chitsa chachifupi, chodulidwa mopendekera kuti madzi asakhazikikepo, ndipo musachitenthe, chifukwa mitengo monga tsanya imaphukanso.

6. Bzalani mbande mvula ikakhazikika, nkuzitchingira ndi minga kuopa mbuzi.