Mmene Mungakonzere Digiri ya Bayoloji pa Koleji ya Chikhristu ku America

Wophunzira amene wapeza malo pa koleji ya Chikhristu ku America, monga Wheaton College ya ku Illinois, Calvin University ya ku Grand Rapids kapena Andrews University ya mpingo wa Adventist ku Berrien Springs, sapatsidwa ndandanda yokonzeratu ya zaka zinayi monga zimakhalira m'mayunivesite ambiri a kwathu. Semesita iliyonse amasankha yekha makosi mothandizidwa ndi mlangizi, ndipo digiri imaperekedwa akakwaniritsa zonse zolembedwa m'katalogi ya koleji, buku lofotokoza makosi ndi malamulo a digiri. Choncho ntchito yanu yoyamba, musanakwere n'komwe ndege, ndi kuwerenga katalogi ya chaka chimene mukulowa, chifukwa kawirikawiri malamulo a chaka chimenecho ndiwo adzagwire ntchito pa inu mpaka mudzamalize.

Maphunziro amawerengedwa m'makirediti. Kirediti imodzi imaimira ola limodzi la m'kalasi pa sabata kwa semesita yonse, kuphatikizapo maola ena awiri owerenga panokha, pomwe ku labotale nthawi zambiri pamafunika maola atatu kuti mupate kirediti imodzi yomweyo. Ku Wheaton digiri imafuna makirediti 124, kutanthauza 15 kapena 16 pa semesita iliyonse mwa masemesita asanu ndi atatu. Viza ya F-1 imalamula wophunzira wochokera kunja kuti asatsike pansi pa makirediti 12 pa semesita, ndipo ena amayesa kuti nambala imeneyi ndi yokwanira, koma amene angamatenge 12 nthawi zonse adzafika kumapeto kwa chaka chachinayi ali ndi 96 okha, ndipo 28 otsalawo adzafuna pafupifupi chaka china chathunthu cha fizi.

Makirediti amenewa amachokera mbali zitatu: makosi a bayoloji enieni, makosi a sayansi zina zothandizira, ndi maphunziro amene wophunzira aliyense wa pakolejipo amayenera kutenga, momwe mulinso Baibulo. Chimene chimagwetsa ambiri chili m'mbali yachiwiriyo, ndipo ndi kemisitiri. Makosi ake amatsatana mwakuti simungalowe ina musanakhoze yoyambirira. General chemistry imatenga masemesita awiri a chaka choyamba, organic chemistry imabwera m'chaka chachiwiri, ndipo biochemistry simungaiyambe musanadutse organic. Makosi ena apamwamba a bayoloji, makamaka onena za maselo ndi mamolekyu, amafunanso kuti mukhale mutamaliza kemisitiri wina. Wophunzira amene aopa kemisitiri m'semesita yoyamba n'kunena kuti adzayamba akazolowera moyo wa kumeneko amakhala wakankhira kumbuyo mzere wonsewo ndi chaka chimodzi, chifukwa pa makoleji aang'ono gawo loyamba la kosiyo limaphunzitsidwa kawirikawiri m'semesita yokhayo imene imayamba mu Ogasiti. Ngati masamu anu a MSCE anali olendewera, ndi bwino kuwalimbitsa muli kunyumba, makamaka algebra ndi logarithm, kusiyana ndi kuchedwetsa kemisitiri.

Mbali ya bayoloji imayamba ndi makosi awiri kapena atatu oyala maziko, okhudza selo, zamoyo zosiyanasiyana ndi mmene zimakhalira m'malo awo. Pambuyo pake pamabwera genetics, imene imafotokoza mmene zibadwa zimachokera kwa makolo kupita kwa ana, ndipo ndikulangizani kuti muitenge m'chaka chachiwiri popeza ndiyo imatsegula makosi ambiri apamwamba, a manambala 300 ndi 400. M'zaka ziwiri zomalizazo mumakhala ndi ufulu wosankha pakati pa makosi monga microbiology, physiology, ecology, immunology ndi botany, koma onetsetsani kuti ndi liti pamene iliyonse imaphunzitsidwa, chifukwa ena amabwera kamodzi pa chaka ndipo ena kamodzi pa zaka ziwiri. Funsaninso giredi yochepetsetsa yolowera kosi yotsatira, imene pa makoleji ambiri ndi C kapena C-minus. Mungathe kukhoza kosi ndi D n'kulandira makirediti ake, koma khomo la kosi yotsatira n'kukhalabe lotseka.

Pokonza semesita, werengani malabu, kutanthauza maphunziro a ku labotale, musanawerenge makirediti. Labu iliyonse imadya masana athunthu, kenako lipoti lake limadya madzulo ena. Malabu awiri pa semesita ndi katundu wotheka. Atatu ndi olemera, makamaka ngati mukugwira ntchito ya pasukulu, imene viza imalola mpaka maola 20 pa sabata sukulu ili mkati.

Apa ndi pamene maphunziro a Baibulo amathandiza kulinganiza katunduyo. Ku Wheaton dongosolo la maphunziro a wophunzira aliyense limatchedwa Christ at the Core, ndipo lili ndi semina ya chaka choyamba, makosi a Chipangano Chakale ndi Chipangano Chatsopano, kosi ya chiphunzitso cha Chikhristu, ndi ena a mbiri, filosofi, zolembalemba ndi luso. Palinso mapemphero a chapelo katatu pa sabata, amene sapereka kirediti koma opezekapo amawerengedwa. Amene anakulira mu Sande sukulu asayese kuti makosi a Baibulo ndi opumirapo, pakuti amafuna kuwerenga masamba ambiri ndi kulemba nkhani zazitali zokhala ndi umboni, ndipo giredi yake imalowa mu GPA, avareji ya magiredi anu onse, chimodzimodzi ndi ya genetics. Njira yabwino ndi kuika kosi imodzi kapena awiri otere m'semesita iliyonse pambali pa malabu awiri, m'malo mowaunjika onse m'chaka chomaliza, pamene mudzafuna nthawi ya kafukufuku. Ngati koleji ikufuna kuti mudziwe chiyankhulo china kuwonjezera pa Chingerezi, pitani ku ofesi ya registrar, amene amasunga zolembedwa za maphunziro a ophunzira, mukafunse ngati Chichewa chanu chingawerengedwe, chifukwa akavomera mwapulumutsa makirediti angapo.

Nkhani ya chilengedwe ndi chisinthiko cha zamoyo muifufuze musanavomere malo, popeza makoleji a Chikhristu salankhula chimodzimodzi. Chikhulupiriro cholembedwa cha Wheaton, chimene aphunzitsi amachivomereza, chimanena kuti Mulungu analenga Adamu ndi Hava mwachindunji monga makolo enieni a anthu onse. Calvin, ya mpingo wa Christian Reformed, imaphunzitsa chisinthiko monga mbali ya sayansi imene Mkhristu angathe kuilandira. Andrews ndi ya mpingo umene umakhulupirira kuti dziko linalengedwa m'masiku asanu ndi limodzi enieni. Werengani chikalata cha chikhulupiriro cha kolejiyo, ndipo ngati n'kotheka lemberani mkulu wa dipatimenti kumufunsa mmene amaphunzitsira mutuwu. Kulikonse kumene mungaime pa chiyambi cha munthu, muyenera kumvetsa bwino mmene mtundu wa zamoyo umasinthira pamene zolimba zikupulumuka ndi kuberekana, chifukwa mayeso olowera maphunziro apamwamba amafunsa zimenezi ndipo zachipatala sizimveka popanda izo. Chitsanzo chili kwathu komwe. Mu 1993 Malawi inasiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo chifukwa tizilombo tinali titasiya kumva mankhwalawo, ndipo patapita zaka ofufuza ku Blantyre anapeza kuti tizilombo tomva chloroquine tachulukanso, poti kusamva mankhwala kunalibenso phindu kwa tizilomboto mankhwalawo atachoka.

Tchuthi chachitali cha Meyi mpaka Ogasiti chingakuthandizeni kupeza makirediti ndi luso la kutchire. Wheaton ili ndi malo ake ophunzirira sayansi ku mapiri a Black Hills ku South Dakota, ndipo Au Sable Institute ya ku Michigan imalandira ophunzira ochokera m'makoleji ambiri a Chikhristu pa makosi a zachilengedwe. Musanalipire kosi iliyonse ya kunja kwa koleji yanu, pezani chilolezo cholembedwa chosonyeza kuti idzawerengedwa pa digiri yanu. Yesetsaninso kulowa m'labu ya mphunzitsi wina pofika chaka chachitatu, chifukwa pa koleji yaing'ono aphunzitsi amafufuza ndi ophunzira a digiri yoyamba, ndipo kalata yokuchitirani umboni yochokera kwa munthu amene anakuonani mukugwira maikulosikopu ndi yamphamvu kuposa ya amene anangochonga mayeso anu.

Ofuna udokotala adziwe msanga kuti ku America maphunziro ake amayamba munthu atamaliza digiri yoyamba ndi kulemba mayeso a MCAT, amene amafunsa bayoloji, kemisitiri, biochemistry, fizikisi, psychology ndi sociology. Izi zikutanthauza kuwonjezera masemesita awiri a fizikisi ngakhale katalogi itapanda kuwalamula, komanso kusankha psychology ndi sociology pakati pa maphunziro a aliyense. Sukulu za udokotala zolandira ophunzira akunja ndi zochepa ndipo fizi yake ndi yaikulu, choncho ndi nzeru kukonzekeranso njira ya masters kapena PhD. Womaliza digiri ya bayoloji angathe kupempha chilolezo chotchedwa OPT chogwirira ntchito ku America miyezi 12, ndipo chingawonjezedwe ndi miyezi ina 24 poti bayoloji ili m'gulu la maphunziro a STEM, kutanthauza sayansi, tekinoloje, uinjiniya ndi masamu.

Ngati mudzabwerere kudzagwira ntchito ku Malawi, digiri yanu idzafunika kuzindikiridwa ndi National Council for Higher Education, motero sankhani koleji yovomerezedwa ndi bungwe lodziwika, monga Higher Learning Commission imene imayang'anira makoleji a ku Illinois ndi Michigan. Sungani silabasi ya kosi iliyonse imene mwatenga. Pomaliza chaka chachitatu, pemphani registrar akupatseni lipoti losonyeza zimene mwakwaniritsa ndi zimene zatsala, ndipo mulifananize ndi katalogi mzere ndi mzere limodzi ndi mlangizi wanu, pakadali masemesita awiri okonzera chilichonse chimene chasowa.