Masayinasi osatha ndi kutopa kosadziwika bwino: zomwe ndimapanga ine kuno ku Lilongwe

Abale, ngati mphuno yanu inatsekeka kalekale ndipo mukudzuka mmawa mutatopa ngati munagona kudimba, khalani pansi tikambirane. Ine ndimakhala ku Area 25, ndimagulitsa kaunjika mtauni, nde fumbi ndi ine timadziwana, la mumsewu, la mu minibasi, komanso lija limatuluka ukangodula belo la majekete ndi fungo lake lamankhwala lija. Zaka zingapo ndakhala ndikulimbana ndi masayinasi ndipo chinandipweteka kwambiri sichinali mphunoyo ayi, chinali kufooka, kuti ikamakwana 2 koloko masana thupi lakana, kasitomala akufunsa mtengo iwe maso akulemera, kunyumba akuti mwayamba ulesi.

Choyamba timvetsetsane kuti masayinasi ndi chani chifukwa ambiri timangoti chimfine chosatha. Mu mafupa a nkhope yathuyi muli timphako ta mpweya, tilipo mitundu inayi mbali iliyonse, mmasaya, pachipumi pamwamba pa nsidze, pakati pa maso, ndi kuseri mkati mwenimweni. Timphakoti timapanga mamina ndipo timakhala ndi tizibowo tating'ono totulutsira maminawo kupita mmphuno. Mkati mukatupa tizibowoto timatsekeka, mamina amadikha, nde mpamene mumamva nkhope kulemera makamaka mukawerama kuti mutole chinthu pansi, mano ammwamba kuwawa, mamina kutsikira kukhosi usiku, ndiwo zikupserera pamoto inu osamva fungo. Madokotala amati zafika pa masayinasi okhalitsa zikapitirira masabata 12. Chimfine wamba chimatha pa sabata imodzi kapena masiku khumi, nde ngati inu munayamba nthawi ya mwera mu Juni ndipo tafika Okutobala jakaranda wachita maluwa mukadali chomwecho, chimenecho sichimfine.

Chinthu chomwe chinandithandiza kuposa zonse ndi chotchipa mpaka anthu sakhulupirira, kutsuka mphuno ndi madzi amchere. Ndifotokoza pang'onopang'ono chifukwa apa mpomwe anthu amalakwitsa. Wiritsani madzi theka la lita, awire ndithu, kenako muwasiye azizire mpaka akhale ofunda moti mukadonthezera pamkono sakuwotcha. Musatunge apampopi kapena apachitsime nkungothira mmphuno, ngakhale mumamwa omwewo tsiku lililonse, tizilombo tina mmimba timafa koma mmphuno sitifa. Thiranimo mchere sipuni yatiyi imodzi yosefukira ayi, yongofanana ndi mlomo wake, ndi soda sipuni imodzinso, soda yomweyi yothira mu therere ija ya mupaketi, osati chidulo chaphulusa chonde. Takasani zisungunuke. Ku famase gulani sirinji yaikulu ya 20ml, singano ayichotse simukuifuna. Ndiye weramirani pa beseni, pendeketsani mutu pang'ono, tsegulani pakamwa muzipumira pakamwapo, lowetsani kamlomo ka sirinji mubowo la mphuno lomwe lili mmwamba nkumakankha pang'onopang'ono, madzi azituluka bowo linalo kapena pakamwa, mulavule. Kangapo mbali iyi kangapo mbali inayo. Pomina musamine mwamphamvu ngati mukulimbana ndi munthu, makutu amapweteka.

Tsiku loyamba ndinatsamwa, misozi mbwee, mwana wanga wamkazi ataima pakhomo la bafa atandigwirira thaulo akufunsa kuti amayi mukupanga chani. Koma zomwe zinatuluka mu beseni muja, mamina olimba osakanikirana ndi fumbi lofiira lenileni la mumsewu wathu, zinandipangitsa kuti ndisasiye. Pofika sabata yachiwiri zinali ngati kutsuka mano basi. Ndimapanga mmawa komanso madzulo ndikaweruka, madzi ndimakonza atsopano tsiku lililonse otsala ndimataya, sirinji ndimaitsuka ndi sopo nkuyanika. Akamaluma kwambiri ndiye kuti mchere wachuluka kapena wachepa kapena madzi azizira kwambiri, konzaninso.

Pano nkhani ya mankhwala, ndipo apa ndiyankhula mosabisa chifukwa ndinagwamo ndekha. Pali timankhwala topopera mmphuno totsegula pompopompo, tija tili ndi xylometazoline kapena oxymetazoline, ambiri amadziwa Otrivin. Ukapopera mphindi zochepa mphuno yatseguka mpweya ukudutsa bwinobwino, umamva ngati wachira. Werengani kapepala kake, amalemba kuti musapitirire masiku ochepa, ena 3 ena mpaka 7. Ine ndinapopera miyezi, kabotolo kamakhala mu chikwama cha ndalama, ndipo mapeto ake mphuno imatsekeka kuposa poyamba mankhwala akangotha mphamvu, nde umapoperanso, nkumangozungulira pomwepo. Kusiya kwake kunali masiku ovuta osagona bwino, koma mphuno inadzabwerera mchimake. Ngati muli mmenemo panopa auzeni adokotala osachita manyazi, ndi ambiri tinadutsamo.

Osiyana ndi amenewo ndi opopera a steroid, monga beclomethasone, fluticasone kapena mometasone, amenewa ndi omwe madokotala amalembera anthu a masayinasi okhalitsa chifukwa amachepetsa kutupa kwa mkatimo. Vuto lake ndi loti sagwira lero lomwe, amafuna tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, nde anthu amapopera masiku atatu nkuti sakugwira nkuponya mu dilowa. Pirirani. Poperani mukamaliza kutsuka mphuno kuti mankhwala akafike pa mnofu osati pa mamina. Kapoperedwe kakenso kali ndi nzeru yake yomwe anandionetsa nesi wina, dzanja lamanja lipopere bowo lakumanzere, lamanzere lipopere lakumanja, kamlomo kaloze chakukhutu osati pa khoma lapakati pa mphuno chifukwa pamenepo mpomwe pamachita zilonda nkumatuluka magazi, ndipo musakokere mwamphamvu, akangotsikira kukhosi ndiye kuti mwamwa osati kupopera.

Amoxicillin yekhayo ndikupempheni, siyani kugula pa okala kapena kupempha otsala a aneba. Masayinasi ambiri okhalitsa ndi nkhani ya kutupa, ena ndi aleje ya fumbi kapena mungu, makapisozi sachotsa zimenezo, mumangozoloweretsa tizilombo kuti tsiku mudzadwale chibayo mankhwala adzakane. Adokotala akaona kuti pakufunika adzalemba okha ndipo mudzamalize onse. Piritoni nayenso samalani naye, amathandiza kuyetsemula inde koma amagonetsa, ine ndimamwa usiku ndipo mmawa mutu umakhala ngati muli thonje, kutopa kwina komwe ndimadandaula kunali kwa iyeyo. Cetirizine kapena loratadine sagonetsa kwambiri, funsani. Ndipo amene muli ndi BP mapilitsi a chimfine ena ali ndi pseudoephedrine, amakweza BP komanso amasowetsa tulo, muziwerenga pa bokosi.

Za kufukiza ndikudziwa mundifunsa, chiyambire nthawi ya Covid aliyense ndi bulugamu mumphika. Nthunzi imapepukitsako kwa kanthawi sindikana, koma siichiritsa, ndipo madzi owira pansi pa bulangeti pali ana ndi ngozi. Ine bola kansalu konyika mmadzi ofunda nkuika pamasaya ndi pachipumi.

Fumbi la Lilongwe simungalithawe koma mutha kulichepetsa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ine pa kabaza sindikwera opanda masiki, ngakhale anthu aziyang'ana, ndipo potsegula belo ndimavala, ndimatsegulira panja osati mu kachipinda. Posesa pakhomo wazani madzi kaye, mnyumba kolopani mmalo mosesa ndi tsache louma. Mbaula muziyatsira panja ipse bwino, utsi wa makala ndi wa zinyalala zomwe timawotcha madzulo mmakomomu ndi mdani wamkulu, zikayamba kufuka kwa aneba tsekani mawindo. Koyilo wa udzudzu ndinasiya, neti ikukwanira. Zofunda ndi mapilo muzichapa pafupipafupi nkuyanika padzuwa, makatani nawonso timawaiwala chaka chonse. Dzinja likafika fumbi limatha koma kumabwera chinyontho, onani kuseri kwa wadilopu ndi mmakona ngati khoma lada ndi chuku, pukutani ndipo muzitsegula mawindo masana. Fodya nde sindikambanso, ngakhale wosuta akhale bambo akunyumba akasutire panja. Pogona sanjikizani mapilo mutu ukwereko pang'ono, ndipo madzi akumwa azikhala pafupi chifukwa wopumira pakamwa usiku amadzuka kukhosi kuli gwa.

Tsopano kutopa, komwe ndi chifukwa chenicheni ndalembera zonsezi. Nzoona masayinasi amatopetsa, munthu wotsekeka mphuno sagona tulo tabwino, amadzidzimuka kangapo usiku osadziwa, ena amaliza mkonono mpaka mpweya kumaduka, nde mmawa thupi silinapume. Koma cholakwa chomwe ndinapanga ine nchoti chilichonse ndimangoti ndi masayinasiwa. Mphuno itayamba kupezako bwino ndi mchere uja ndi mankhwala opopera a steroid aja, kufooka sikunachoke, kukwera kamtunda kochokera pa siteji kupita kwathu mtima umagunda ngati ndathamanga, nkuima panjira kunamizira kuyang'ana foni. Mchemwali wanga ndi amene ananditembenuza chikope nati iwe mmaso mwayera umu, tiye ukayezetse magazi. Anapeza kuti magazi ndi ochepa, ayironi anatsika, ndipo chomwe chimachititsa chinali kusamba kwambiri kumwezi komwe ine ndimangoti ndi mmene ndinabadwira. Masayinasi analipo inde, koma kutopako theka lake kunali kwina.

Nde mukapita kuchipatala musangoti mutu ndi chimfine, akupatsani panado nkubwerera. Nenani kuti ndatopa kwa miyezi yakuti, ntchito zakuti zomwe ndimapanga kale pano zikundikanika, ndipo pemphani kuyezedwa. Full blood count ndi yomwe imaonetsa kuchuluka kwa magazi, nambala yomwe amalemba kuti Hb pa zotsatirazo ikakhala pansi pa 12 kwa mzimayi yemwe sali oyembekezera kapena pansi pa 13 kwa bambo ndiye kuti magazi achepa, ndipo funso lotsatira likhale loti achepa chifukwa chani, malungo obwerezabwereza, njoka zammimba, likodzo kwa amene mumasamba kunyanja kapena mmadambo, kusamba kwambiri, kapena chakudya. Yezetsaninso malungo, shuga, BP, ndipo ngati nkotheka chithokomiro chifukwa chikamagwira ntchito mofooka munthu amangokhala wotopa, wozizidwa, thupi likunenepa. HIV yezetsani ndithu musadumphe, mzipatala za boma ndi ulele, pa Bwaila ngakhale pa helefi senta ya kwanuko, munthu chitetezo chikatsika masayinasi amabwerabwera. Ngati pali chifuwa chopitirira masabata awiri, thukuta usiku, kuonda, akuyezeni TB. Ndipo pali kutopa kwina kochokera mmaganizo, ngongole, maliro, banja, munthu osafuna kudzuka osasangalala ndi chilichonse, kumenekonso ndi matenda ndipo nkoyenera kuwauza adokotala momwemo.

Mapilitsi a ayironi musayambe nokha musanayezetse. Akakupatsani dziwani kuti chimbudzi chimada, musaope, ndipo amamwedwa miyezi osati sabata. Tiyi musamwere limodzi ndi mapilitsiwo kapena pa chakudya chifukwa amatchinga ayironi kulowa mthupi, ine ndinazolowera tiyi wamasana pamsika nde ndinachita kumusuntha nthawi. Mbale muzikhala bonongwe, nkhwani, nyemba, usipa, chiwindi mukachipeza, kenako gwafa kapena lalanje pamwamba.

Kakope kakang'ono kanandithandizanso, kaja ndimalembamo ngongole za makasitomala, kumapeto kwake ndinayamba kulemba tsiku lililonse mizere iwiri, mphuno lero bwanji, ndagona maola angati, ndinali kuti, ndamwa chani. Patatha mwezi ndinaona ndekha kuti masiku oipa kwambiri amatsatana ndi tsiku lotsegula belo komanso tsiku lochapa mabulangeti, ndipo nditapita nako kwa adokotala sitinataye nthawi ndi kaya kaya.

Mukapanga zonsezi mokhulupirika miyezi iwiri itatu osasintha, pemphani kalata yokaonana ndi dokotala wa makutu mphuno ndi kukhosi, amati ENT. Kuno odwala otumizidwa amapita ku Central, Kamuzu Central Hospital, ndipo mumayambira ku chipatala chaching'ono kuti akulembereni, lawirirani ndipo tengani buku lanu lakuchipatala ndi mabotolo a mankhwala onse omwe mwagwiritsapo. Anthu ena amapezeka ndi tinyama tomera mmphuno totchedwa ma polyp, ena khoma lapakati linapindika, enanso gwero lake ndi dzino lammwamba lobooka lomwe mizu yake ili pafupi ndi mphako ya mtsaya, nde ngati tsaya limodzi lokha ndi lomwe limawawa ndipo mamina akununkha, wamano akuoneninso. Amene muli ndi asima ndi ma polyp pamodzi funsani kaye musanamwe asipulini kapena ibuprofen, ena zimawabanikitsa.

Koma pali zina zosadikira kalata kapena mmawa. Diso likatupa kapena kufiira mozungulira, mukayamba kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mwachimbuuzi, chipumi chikatupa, mutu ukawawa modabwitsa limodzi ndi kutentha thupi kwambiri ndi khosi kuuma, kapena munthu akayamba kusokonezeka, pezani galimoto usiku womwewo, timphako tija tayandikana ndi maso komanso ubongo. Bowo limodzi lokha lotsekeka nthawi zonse nkumatuluka magazi nalonso likaonedwe msanga, musathire mchere nkumadikira. Kwa mwana wamng'ono bowo limodzi lotuluka mamina onunkha nthawi zambiri mumakhala kanthu komwe analowetsa, njere ya chimanga kapena mkanda, musatokose ndi kamtengo ka machesi, pitani naye akachotse achipatala.