Maso ouma osamva mankhwala: kupeza dokotala wake kunja kwa Zambia

Maso akamamveka ngati muli mchenga chaka chonse, makamaka m'miyezi ya fumbi ya Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo timabotolo ta misozi yopanga tasiya kuthandiza, anthu ambiri mu Lusaka amayamba kufunsa za India kapena Johannesburg. Musanafunse mtengo wa tikiti, dziwani dzina la chimene chaumitsa masowo, chifukwa ndicho chimasankha dokotala ndi chipatala.

Dzinalo limapezeka konkuno. Pitani ku UTH Eye Hospital kapena ku Lusaka Eye Hospital ku Makeni, mupemphe kuti akupimeni ndi kukulemberani manambala papepala. Pa kupima kotchedwa Schirmer amaika kapepala m'chikope chamunsi kwa mphindi 5. Kakanyowa kosafika mamilimita 5, misozi ndi yochepa kwambiri. Pa kupima kwina kotchedwa TBUT amadontheza utoto wa fluorescein n'kuwerenga masekondi misozi isanang'ambike pamwamba pa diso, ndipo osafika 10 ndiye kuti misoziyo sikukhalitsa. Aonenso tiziwalo ta m'mphepete mwa zikope timene timatulutsa mafuta. Odwala ambiri madzi ali nawo, chosowa ndi mafutawo, choncho misozi imauma msanga. Ngati m'kamwa namonso mumauma kapena mfundo zimatupa, pimitsani magazi a anti-Ro, anti-La, ANA ndi rheumatoid factor, pofufuza matenda a Sjögren (oumitsa maso ndi m'kamwa) ndi nyamakazi.

Pali funso limene kuno kwathu siliyenera kudumphidwa: kodi munatulukapo matuza khungu lonse ndi zilonda m'kamwa mutamwa mankhwala? Septrin, nevirapine ndi mankhwala ena a khunyu angabweretse matenda a Stevens-Johnson, amene amasiya zipsera mkati mwa zikope. M'mphepete mwa chikope mumakhakhala n'kumakanda diso nthawi zonse pophethira. Wodwala wotere sachira ndi madontho okha, ndipo ndi iye amene ulendo wakunja umamupindulira kwambiri. Lembaninso mankhwala onse amene mumamwa. Piriton ndi amitriptyline, mwachitsanzo, zimachepetsa misozi.

Dokotala amene mukufuna ndi wa cornea ndi ocular surface, ndiye kuti wodziwa za khungu loonekera la kutsogolo kwa diso ndi zikope. Katswiri wa ng'ala kapena wa retina (khungu la kumbuyo m'kati mwa diso) angakhale wotchuka, koma si ntchito yake imeneyi. Ku India, L V Prasad Eye Institute ku Hyderabad ndi Sankara Nethralaya ku Chennai zili ndi magawo oona matendawa, ndipo n'zodziwika pa maso owonongeka ndi Stevens-Johnson. Ku Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town akatswiri a cornea aliko, ndipo kufupikako kumathandiza ngati mudzafunika kubwererako kawiri kapena katatu. Moorfields ku London ndi chipatala chachikulu cha maso, koma mtengo wake ndi viza zimachititsa kuti chikhale cha anthu ochepa. Dzina la dokotala wa ku South Africa mulione m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kumeneko, pa intaneti. Lemberani chipatalacho mwachindunji ku ofesi yake ya odwala ochokera kunja. Wothandizira wa pa WhatsApp amene akutchula mtengo asanaone pepala lililonse, amadya pa munthu aliyense amene wamupititsa, ndipo amakutengerani kumene amalandira zambiri.

Tumizani kalata ya dokotala wanu, manambala a zopima zija, zotsatira za magazi, zithunzi za maso, ndi mndandanda wa madontho onse amene munayesa pamodzi ndi miyezi imene munawagwiritsa ntchito. Pemphani kuonana pa vidiyo musanalipire ulendo. Mufunse zinthu zitatu mosabisa: adzachita chiyani chimene kuno sichichitika, mudzakhala masiku angati, ndiponso mukabwerera mudzapitiriza bwanji.

Funso lachitatulo ndilo limagwetsa anthu. Madontho a cyclosporine, ochepetsa kutupa kwa diso, amawawa poyamba ndipo amatenga miyezi 3 mpaka 6 kuti aoneke phindu lake, choncho botolo limodzi logula ku Chennai silifika kulikonse. Funsani ku kemisti yaikulu kuno ngati angathe kumakuitanitsirani musanayambe. Madontho opangidwa ndi magazi anu omwe, kawirikawiri osungunulidwa kufika pa 20 peresenti, amathandiza kwambiri maso a zilonda, koma alibe mankhwala owasunga. Timabotolo tosatsegula timafuna kukhala toundana mufiriji, kotsegula kamakhala masiku ochepa. Kumene magetsi amapita maola ambiri popanda sola kapena inveta, madonthowa amasanduka chakudya cha tizilombo, ndipo kuwaika m'diso la chilonda n'kuika diso pangozi. Muuzeni dokotalayo za magetsi akwanu, asankhe akudziwa.

Ma scleral lens ndi magalasi olimba, aakulu, amene amakhala pa choyera cha diso n'kusunga madzi pamwamba pa cornea tsiku lonse. Kwa ena ndiwo amabweza moyo wa kuntchito. Kuwayeza kumafuna kubwerera kangapo pa masiku otsatizana, ndiye musasungitse ndege yobwerera patangopita masiku atatu. Amadzazidwa ndi saline (madzi a mchere a kuchipatala) wa 0.9 peresenti wopanda zosungira m'mawa uliwonse, osati madzi a pampopi. Phunzirani kuvala ndi kuvula muli komweko mpaka manja azolowere, ndipo tengani tizipangizo tovulira toposa kamodzi. Tizivindikiro totseka tinjira tochotsa misozi m'diso, kuti misoziyo izikhalitsa, timaikidwa m'mphindi zochepa, koma timagwa, ndipo tikaikidwa diso likadali lotupa timangosunga misozi yoipa. Kumezanitsa khungu la m'kamwa pa chikope, kwa aja a zipsera, ndi opaleshoni yofuna milungu ingapo yoonedwa.

Za ndalama, pemphani mtengo wolembedwa wosiyanitsa kupima, magalasi, opaleshoni ndi mankhwala, muwonjezere malo ogona ndi wokuperekezani. Musawerengere NHIMA, imalipira zipatala za m'dziko muno. Viza ya chipatala ya ku India imafuna kalata yochokera ku chipatala chimene chakuitanani, ndipo ngati mudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, konzani khadi la katemera wa yellow fever masiku osachepera 10 ulendo usanafike. Mpweya wa m'ndege ndi wouma kuposa wa Lusaka mu Seputembala. Tsekani kabowo kopemerera mphepo pamwamba panu, dontherani misozi yopanda zosungira ola lililonse, usiku pakani mafuta a m'maso.

Podikira ulendo, ngati mumadontheza koposa kanayi patsiku siyani mabotolo okhala ndi mankhwala osungira otchedwa benzalkonium chloride, chifukwa amapsereza khungu la diso. Khalani kutali ndi utsi wa mbaula. Madontho a dexamethasone kapena betamethasone ogula popanda dokotala amaziziritsa diso msanga, koma amakweza kuthamanga kwa madzi m'diso ndi kubweretsa ng'ala mwakachetechete. Ndipo diso likafiira mwadzidzidzi, kuwawa kwambiri, kuopa kuwala, kapena kuoneka kadontho koyera pa cornea, pitani ku chipatala cha maso tsiku lomwelo, ngakhale tikiti ili kale m'thumba.